Agalu a pa Chipata cha Munthu Wachuma

Lamulungu la 26 pa Chaka, Chaka C, 28 Sepitembala 2025
Mawerengo: Amosi 6:1, 4-7, 1 Timoteo 6:11-16, Luka 16:19-31

Mthenga Wabwino wa lero ukusimba za anthu awiri amene ankalekanitsidwa ndi chipata chimodzi. M'kati munali munthu wachuma, wovala zamtengo wapatali, amene kwake kunali madyerero tsiku ndi tsiku. Kunja kunkagona Lazaro, wazilonda thupi lonse, amene ankangolakalaka nyenyeswa zogwa patebulo. Yesu sakunena kuti wachumayo anamenya Lazaro kapena kumupirikitsa. Tchimo lake linali lakuti ankadutsa pachipatapo m'mawa ndi madzulo osaona kanthu. Mneneri Amosi, m'mawerengo oyamba, akudzudzulanso anthu otere: ogona pa mabedi okongola ndi kudya nyama yonona, pamene kuwonongeka kwa abale awo sikukuwakhudza.

M'fanizoli muli ena amene ambiri amawadumpha powerenga, ndiwo agalu. Luka akuti ankabwera kudzanyambita zilonda za Lazaro. Akatswiri ena a Baibulo amati zimenezi zinkangowonjezera manyazi ake, popeza Ayuda ankaona galu ngati nyama yonyansa, ndipo iye analibe mphamvu zowathamangitsira. Ena amati agaluwo ndi okhawo amene anamuyandikira munthu amene anzake ankamulambalala. Mulimonsemo, Lazaro ndi agalu anali mbali imodzi ya chipata, ndipo onse ankadikira nyenyeswa zomwezo.

Chaka chino Mthenga umenewu wagwera pa 28 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Tsikuli linayamba kukumbukiridwa mu 2007, ndipo linasankhidwa chifukwa ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa chiwewe mu 1885. Loweruka likubwerali, pa 4 Okutobala, Mpingo udzakondwerera Francis Woyera wa ku Assisi ndi kutseka Nyengo ya Chilengedwe imene inayamba pa 1 Sepitembala. Choncho ndi nthawi yoyenera kuti akhristu ayang'ane kawiri zimene zagona pa mageti awo.

Moyo wa galu wa m'tauni

Mabanja ambiri ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona amaweta galu poopa akuba. Chifukwa chimenechi ndi chomveka. Galu amalondera usiku wonse, mvula kaya mphepo ya mwezi wa Juni, ndipo salandira malipiro pakutha pa mwezi. Koma kawirikawiri amamangidwa pa tcheni chachifupi padzuwa, popanda madzi akumwa, kapena amatsekeredwa m'kakhola kamdima tsiku lonse kuti akhale wolusa. Chakudya chake ndi mkute ukatsala, ndipo ukapanda kutsala amagona ndi njala. Nkhupakupa zimadzaza m'makutu, mphere zimathothola ubweya, koma palibe wolabadira.

Tiagalu tambiri timagulidwa m'mbali mwa misewu ya mzinda uno, titachotsedwa kwa mayi wake tisanaleke kuyamwa, titakhala padzuwa tsiku lonse m'manja mwa wogulitsa. Timene tapulumuka timakula, ndipo mavuto ena amayamba. Banja likasamuka ku Biwi kupita ku Area 25, n'kupeza kuti alandilodi atsopano safuna agalu, galu uja amangosiyidwa pa nyumba yakale. Galu wamkazi amatha kuswa kawiri pa chaka, ndipo ana ake akasowa owatenga amaikidwa m'thumba n'kukatayidwa kudambo kapena kuseri kwa msika. Umu ndi mmene amapezekera agalu ambiri oyendayenda amene amafukula pa zinyalala. Ochuluka mwa iwo anali ndi mwini wake, ndipo mwina mwiniyo amakhala pa benchi m'tchalitchi Lamulungu lililonse.

Amene amalipira ndi mwana

Wina atha kufunsa, ndipo funso lake ndi lachilungamo: galu wakuda walowa m'makomo ambiri, mtengo wa chimanga ndi wa sopo ukungokwera, ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, nanga Mpingo ungataye bwanji nthawi kukamba za galu wamiyendo inayi? Kodi fanizo la lero silikunena za munthu wosauka?

Likunenadi za munthu wosauka, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya agalu ikulowamo. Galu wotayidwa salandira katemera. Akalumana ndi mnzake wachiwewe, amatenga matendawo n'kumayenda nawo m'njira zimene ana amadutsa popita kusukulu, kumjigo ndi kuchigayo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse amakhala ana osafika zaka 15. Mwana wa m'nyumba ya mpanda, amene amapita kusukulu pa galimoto, sakumana ndi galu wotere kawirikawiri. Amene amakumana naye ndi mwana woyenda pansi, amene mwina amabisa bala poopa kukalipiridwa, ndipo makolo ake amazengereza kupita kuchipatala posowa ya kabaza. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, mankhwala ochiza palibe. Munthu amene wataya galu wake waika Lazaro wina pa ngozi, ngakhale sadzamudziwa dzina. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Imfa zoterezi ndi zopeweka. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akamabayidwa katemera chaka ndi chaka, chiwewe chimasowa podutsira. Zinaoneka ku Blantyre, kumene mu 2015 bungwe la Mission Rabies, pamodzi ndi ogwira ntchito za ziweto ndi anthu ongodzipereka, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Ntchitoyo itapitirira m'zaka zotsatira, chiwerengero cha ana ofika ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi chiwewe chinatsika kwambiri. Anthu amene ankanyamula agalu kupita nawo kokabayitsa ankateteza ana a anansi awo.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Buku la Miyambo, mutu 12 ndime 10, limayesa chilungamo cha munthu poona mmene amasamalira chiweto chake. M'buku la Tobiti, galu akuyenda limodzi ndi Tobiyasi ndi mngelo Rafaele pa ulendo wawo wautali, kupita ndi kubwerera. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2416, amaphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu, zimamulemekeza pa kukhalapo kwake komweko, ndipo anthu ali ndi udindo wozichitira chifundo. Ndime 2418 imanena zinthu ziwiri pamodzi. Choyamba, kuzunza nyama kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemerero wa munthu wochitayo. Chachiwiri, si bwino kuthera pa nyama ndalama zimene zikanayenera kuyamba zathandiza anthu ovutika. Choncho Mpingo sukupempha munthu kuti agulire galu nyama ya m'sitolo pamene mlonda wake sanalandire malipiro miyezi iwiri. Ukupempha zimene pafupifupi aliyense angathe: madzi, mthunzi, phala la madeya lothira bonya pang'ono, katemera, ndi kusataya chamoyo chimene munthu anachitenga yekha mwa kufuna kwake.

Malemu Papa Francis, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya mu 2015, anachenjeza kuti munthu ali ndi mtima umodzi wokha, ndipo nkhanza zimene amachitira nyama sizichedwa kuonekera pa mmene amachitira ndi anthu anzake. Mwana amene wakula akuona bambo ake akumenya galu womangidwa, kapena akuseka pamene anzake akugenda kagalu kodwala, akuphunzira kuti wopanda mphamvu alibe mawu. Phunziro lomwelo adzaligwiritsa ntchito kwa mkazi wake, kwa wantchito wa pakhomo ndi kwa wamisala wa pamsika.

Pali nkhani yakale ya Francis Woyera ndi mmbulu umene unkasautsa anthu a mu mzinda wa Gubbio ku Italy. Nkhaniyo imati Francis anazindikira kuti mmbuluwo unkalusa chifukwa cha njala, ndipo anagwirizanitsa mbali ziwirizo: anthu a mumzindamo adziudyetsa, iwo usiye kugwira anthu ndi ziweto. Mtendere unabwera pamene mzinda wonse unavomera kuti chilombocho ndi udindo wake.

Ntchito ya odzipereka

Mu Lilongwe muno muli bungwe la Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals, lodziwika kuti LSPCA, limene linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo lili ndi chipatala cha ziweto ku Kanengo. Limalandira agalu ndi amphaka otayidwa kapena ozunzidwa, kuwachiza ndi kuwapezera mabanja atsopano. Limapitanso m'madera kukabaya katemera wa chiwewe, kuthena agalu aamuna, kutseka aakazi kuti asaswe, ndi kuphunzitsa ana a sukulu. Ntchito yotere imafuna manja ambiri, ndipo yambiri safunika kukhala dokotala kuti munthu aigwire.

Galu amene wakhala akumenyedwa amanjenjemera munthu akangokweza dzanja. Wodzipereka amakhala naye pafupi osamukakamiza, tsiku ndi tsiku, mpaka galuyo atayamba kudya pamaso pake. Amamusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa ndi kumuzoloweza kuyenda pa chingwe. Wina amasunga tiagalu kwawo kwa masabata angapo mpaka titakula. Ndi ntchito yonunkha, yosaoneka, yopanda woyamika, ndipo ndi sukulu yabwino ya kuleza mtima ndi kufatsa zimene Paulo Woyera akulangiza Timoteo m'mawerengo achiwiri a lero.

Kupezera galu banja latsopano kumafunanso nzeru, chifukwa kumupereka kwa aliyense amene wapempha ndi kungosamutsa vuto. Wopereka afunse kaye: kodi alandilodi avomera? Pali mpanda kapena malo otetezeka? Ndani adzidzamudyetsa eni ake akapita kumudzi? Kodi banjalo likudziwa kuti galu wosamalidwa amakhala zaka khumi kapena kuposerapo? Pakatha mwezi, woperekayo apiteko akaone mmene zinthu zilili.

Zimene mphakati ungachite

Mphakati uliwonse umadziwa bwino nyumba za m'dera lake. Pa msonkhano wa sabata ino ungathe kuwerenga mabanja amene ali ndi agalu ndi kufunsa kuti ndi angati amene anabayitsa chaka chino. Kukalengezedwa tsiku la katemera, achinyamata angathandize agogo ndi odwala kutengera agalu awo kumalo obayira. Banja limene likusamuka, kapena limene galu wake waswa, linene ku mphakati nthawi ikadalipo kuti pafunidwe wotenga, m'malo mwa thumba ndi dambo. Wofuna galu ayambe wafunsa kumene kuli opulumutsidwa, chifukwa kugula pamsewu kumalimbikitsa wogulitsa kubweretsa ena mawa. Woona mnansi akuzunza galu amulankhule mwaulemu, monga mbale, pokumbukira kuti malamulo a dziko lino nawonso amaletsa kuzunza nyama.

Chifundo chisasanduke kusasamala. Galu wachilendo amene akutuluka dovu, akuluma chilichonse kapena akuyenda modzandira asagwidwe ndi manja. Ana atalikitsidwe, ndipo adziwitsidwe alangizi a ziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale balalo lioneke laling'ono. Kudikira kuti lipole kapena kuthira mankhwala azitsamba sikuletsa chiwewe. Makolo auze ana awo kuti kunena za kulumidwa ndi galu sikudzawakwapulitsa.

Munthu wachuma wa m'fanizo anakumbukira abale ake asanu nthawi itatha kale, ndipo Abrahamu anamuyankha kuti abalewo ali ndi Mose ndi aneneri, awamvere amenewo. Akhristu a lero ali ndi zonsezo, ali ndi Mthenga Wabwino, ndiponso nthawi ikadalipo. Pobwerera kunyumba Misa ikatha, aliyense aime pang'ono pa geti pake, aone amene wagona pamenepo, kaya ndi wopempha, kaya ndi mlonda, kaya ndi galu wa pa tcheni, ndipo ayambe ndi kumupatsa madzi.

Mulungu Atate, amene analenga zamoyo zonse naona kuti ndi zabwino, atsegule maso a ana ake kuti aone onse amene aikidwa m'manja mwawo, ateteze ana a m'parishi muno ku chiwewe, ndipo adalitse onse amene amadzipereka kusamalira zolengedwa zake. Francis Woyera wa ku Assisi awapempherere. Amen.