Musanakhome zikhomo pa bwalo la sukulu

Ana anga, ndamva kuti komiti ya sukulu yasankha inu, anyamata ndi atsikana amene munamaliza Folomu 4 pa sekondale yathu yoyendera ino, kuti mutsogolere ntchito yokonza bwalo la zamasewero. Mtima wanga wakondwa. Koma ndamvanso kuti pa msonkhano wanu woyamba tsiku linathera pa nkhani ya mpanda wa njerwa ndi shedi yokhalamo alendo olemekezeka, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kumene madzi a mvula amalowera akagwa pamalopo. Ndiye ndati ndikuyankhuleni ndalama zisanayambe kutuluka m'thumba. Bwalo ndi nthaka, madzi ndi udzu. Njerwa zidikire.

Yambani ndi kuyang'ana malo. Dziko lathu lino, kuchokera pa boma la Kasungu mpaka kuno kumalire a nkhalango ya Kasungu kumene kuli damu la Lifupa, limaoneka lathyathyathya, ndipo limanamiza maso. Mu Okutobala paliponse pamaoneka pabwino kuseweretsapo mpira. Dikirani mvula ya Januwale. Ikangokata, vulani nsapato, muyende pamalo onse amene mwapatsidwa. Pamene madzi akhala osaphwera mpaka m'mawa mwake, khomanipo kamtengo. Pamene phazi likutitimira ndi kutuluka ndi dothi lakuda lomata, dziwani kuti ndi makande a m'mphepete mwa dambo: nthawi ya dzinja ndi matope okhaokha, nthawi ya chilimwe amang'aluka ming'alu yotha kulowa chidendene cha mwana. Malo otero asiyireni a dimba. Inu funani dothi losakanikirana ndi mchenga, lomwa madzi msanga, pamalo okwererako pang'ono.

Ambiri mwa malo amene mafumu amapereka ku sukulu kuno ndi minda yakale ya fodya. Zimenezi zili ndi mavuto ake. Mizere yakale siifa msanga. Mungaisalaze ndi makasu, mvula ziwiri zikapita imayambanso kuonekera, mpira n'kumadumphadumpha wokha. Pansi pamakhala zitsa za mitengo imene inadulidwa pomanga zigafa. Chitsa chosiyidwa pansi chimaola, pamwamba pake n'kugwa dzenje, ndipo dzenje limenelo mumalidziwa tsiku limene mwana wathyokerapo mwendo. Zulani chitsa chilichonse ndi mizu yake. Chulu musangochiphwanya pamwamba: kumbani mpaka mutapeza manthu wa chiswe, kenako kwirirani dzenjelo pang'onopang'ono, mukuthira madzi ndi kutsendera.

Nkhani ya malire ndiifulumiza, koma musaipeputse. Mawu a pakamwa akuti “sewererani apa” amatha tsiku limene wowanenayo wamwalira, adzukulu ake n'kubwera ndi khasu kudzalima pakona. Itanani agulupu, anyakwawa, eni minda yozungulira ndi akuluakulu a zamalo a ku boma, muyende malire onse pamodzi masana, mulembe, aliyense asayine. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabwera kuti malo otere azilembedwa. Kalata imodzi ikhale kwa ahedi, ina kwa mfumu.

Kukula kwa malo kumadalira zimene mukufuna. Malamulo a mpira wamiyendo amalola bwalo la mamita 90 mpaka 120 m'litali ndi 45 mpaka 90 m'lifupi. Kwa ana a sekondale, mamita 100 kwa 64 ndi okwanira, ndipo ndiwo muyezo wochepetsetsa wa masewero a pakati pa mayiko. Siyani mamita ena osachepera atatu mbali zonse, opanda mtengo, mwala kapena ngalande, poti wosewera wothamanga saima pa mzere. Ngati mukufunanso njira yothamangiramo ya mamita 400 yozungulira bwalolo, mufunika malo a mamita pafupifupi 180 kwa 100, amene ndi maekala anayi ndi theka. Ine ndikuti pemphani malo onsewo lero, ngakhale njirayo mudzaijambule patapita zaka. Malo amene simunawatenge lero mawa mudzapezapo nyumba.

Tsopano dzuwa. Ana athu amasewera akaweruka, dzuwa litapendeka. Mukaika golo limodzi kum'mawa lina kumadzulo, goloboyi mmodzi azikhala akuyang'anizana ndi dzuwa theka lonse la masewero, mpira wam'mwamba osauona. Magolo aloze kumpoto ndi kumwera. Oonerera muwaike mbali ya kumadzulo kuti dzuwa liziwaomba kumsana, ndipo mitengo ya mthunzi mubzale kumbuyo kwawo, kutali ndi mzere. Bulugamu musamuyandikize, amamwa madzi onse, udzu pansi pake sumera.

Poyeza simukusowa makina. Mukusowa tepi yaitali, chingwe chosatamuka, zikhomo ndi anthu odekha. Kuti kona ikhale yowongoka, khomani chikhomo, muyeze mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo. Ngati pakati pa nsonga ziwirizo pali mamita 5 ndendende, kona yakhala. Izi munaphunzira m'kalasi la masamu, lero zigwire ntchito. Makona anayi akatha, yezani mopingasa kuchoka kona ina kufika kona yoyang'anana nayo, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikasiyana, bwalo ndi lopotoka, zulani muyambirenso. Njira yothamangiramo nayo siivuta monga anthu amaganizira. Pa mzere wodutsa pakati pa bwalo m'litali mumakhoma zikhomo ziwiri zotalikirana mamita 84.39. Pa chikhomo chilichonse mumamanga chingwe cha mamita 36.5, munthu n'kuyenda nacho chili chokungika, akulemba pansi theka la mkombero. Mukalumikiza mikombero iwiriyo ndi mizere yowongoka, mwapeza m'mphepete mwa mkati mwa njirayo. Kanjira ka wothamanga aliyense ndi mamita 1.22. Mwana wozolowera muyezo weniweni sadabwa akapita ku mpikisano wa sukulu wa MASSA.

Pa nkhani ya madzi ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mabwalo ambiri a sukulu amafera. Bwalo lisakhale lathyathyathya kotheratu. Pakati pake, kuchoka golo kufika golo, pazikhala pokwererapo, nthaka izitsika pang'onopang'ono kupita m'mbali, mita imodzi pa mamita 100 alionse. Pa bwalo la mamita 64 m'lifupi, ndiye kuti pakati pakwere masentimita ngati 30 kuposa m'mphepete. Diso silingaone, koma madzi amaona. Chida choyezera chilipo kale m'mudzi muno: alangizi a zaulimi amene anaphunzitsa makolo anu kukonza akalozera ali ndi chingwe ndi kalevulo kake. Apempheni. Kumtunda kwa bwalo kumbani ngalande yopatutsa madzi ochokera m'minda ndi pa malata a makalasi asanafike pabwalo, ndipo m'mphepete mwa ngalandeyo mubzale vetiva.

Akabwera wokuthandizani ndi katapila, musamusiye yekha. Ndinaonapo sukulu ina kumene makina anapala dothi lonse lachonde n'kulikankhira kutchire, n'kusiya katondo wolimba gwa. Anthu anaomba m'manja poona kusalala kwake. Mpaka lero udzu sunamerepo, ndipo ana akagwa amasupuka mawondo. Muuzeni woyendetsayo ayambe waunjika dothi lapamwamba pambali, asalaze pansi, kenako alibwezere. Mmodzi wa inu aime pomwepo kuyambira m'mawa mpaka makina atazima.

Udzu wake ndi kapinga, yemwe uja amakuvutani m'munda. Amayanga, amapirira kupondedwa, ndipo akauma m'chilimwe amaphukanso ndi mvula yoyamba. Muokeni mvula ikakhazikika mu Disembala, m'mizere yoyandikana, mutathira manyowa owolerana bwino. Ndiye pakubwera chovuta kuposa zonse: chaka choyambacho pasaponde munthu. Inu ana a alimi a fodya mukudziwa mmene nazale amaisamalirira, kuthirira, kuzulira, kutchingira, osalola ngakhale nkhuku. Bwalo latsopano lifuna mtima womwewo. Anzanu adzakunenani kuti mukuwamana mpira. Apezereni malo ena ongoyembekezera, koma pa kapinga wanthete asapondepo. Pa Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981, mabwalo ndi osiririka, ndipo ena mwa inu munawaona. Chimene muyenera kutengako kumeneko si kukula kwa zomangamanga, poti ndalama zoterozo ife tilibe. Tengani chizolowezi chakuti bwalo limakhala ndi anthu olisamalira sabata iliyonse.

Mizere musamaikumbe ndi khasu. Timaenje timeneto ndi timene timabinya akakolo, ndipo timasanduka ngalande mvula ikagwa. Lembani ndi laimu, kapena phulusa losefa. Musalembe ndi oyilo wakutha wa galimoto, amapha udzu ndi nthaka yomwe. Golo ndi mamita 7.32 m'lifupi ndi 2.44 kutalika. Ngati ndalama zilipo, gulani mapaipi achitsulo muwazike ndi simenti mozama, chifukwa ana amakonda kulendewera pa mtanda wa golo, ndipo golo losazika bwino likagwera mwana limapha. Ngati ndi mitengo, muziiyendera kawirikawiri, chiswe chimadya m'kati kunja kukuoneka kwabwino.

Inu atsikana a m'komitimu, mverani apa, ndipo inu anyamata musayang'ane kumbali. Pafupifupi sukulu iliyonse imene ndaiona, bwalo la mpira wamanja ndi kamalo kotsala kuseri kwa zimbudzi, ka miyala, kotsetsereka. Pamene dziko lino, pa masewero a matimu, latchuka kwambiri ndi ma Queens, timu yathu ya mpira wamanja. Anafika pa nambala 5 pa dziko lonse mu 2007 ku Auckland. Mwai Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino koposa onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015. Mu 2018 ku Gold Coast ma Queens anagonjetsa New Zealand ndi zigoli 57 kwa 53. Bwalo la mpira wamanja ndi mamita 30.5 kwa 15.25 basi, mizati yake mamita 3.05. Ndi laling'ono moti sukulu ngati yathu ingathe kuliwaka ndi simenti. Choncho ngati thumba lanu lili ndi simenti yokwanira ntchito imodzi yokha, ine ndikuti ipite pamenepo, osati pa shedi ya alendo. Yezani mabwalo awiri oyandikana, kuti lina lizigwiranso ntchito ya volebo. Ndipo pa ndandanda ya bwalo lalikulu atsikana akhale ndi masiku awoawo. Tabitha ndi Temwa Chawinga, akatswiri a mpira wamiyendo, anachokera ku Rumphi, kumudzi ngati kuno, ndipo mu 2024 Temwa anasankhidwa wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America.

Mtsikana sangasewere ngati alibe posinthira zovala. Mangani kachipinda ka chitseko chotsekeka, ndi chimbudzi chawochawo pafupi, chotalikirana ndi cha anyamata. Madzi akumwa akhale pafupi; ngati mjigo uli kutali, ana amasewera ndi ludzu pa dzuwa la Okutobala mpaka ena kukomoka. Mabingu akayamba, woyimbira aimitse masewero, ana alowe m'kalasi, asabisale pansi pa mtengo. Komanso ife tili pafupi ndi nkhalango. Chibwerereni njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022, makolo a midzi ya m'malire sagona tulo mwana akachedwa panjira. Masewero azitha dzuwa likadalipo, kuti wa kutali afike kwawo kukuoneka.

Mpanda umene mumaufunawo udzafika nthawi yake. Poyamba bzalani mpanda wa mitengo yoyandikana wotchinga ng'ombe ndi mbuzi. Onaninso njira imene anthu amadutsa panopa popita kuchigayo ndi kumsika. Ngati ikudula pakati pa malo anu, lambulani ina yabwino yozungulira musanatseke yakaleyo, apo ayi ngolo ndi njinga za kabaza zizidutsabe pakati pa bwalo. Tsiku limene mudzamange wa njerwa, musadzaike chipata chimodzi chopapatiza pofuna kuti aliyense alipire pakhomo. Pa 6 Julayi 2017, pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa kupondana polimbirana kulowa. Zipata zikhale zingapo, zazikulu, zotsegukira kunja.

Chotsala ndi kulemba za kasamalidwe, ndipo mulembe ntchito isanayambe. Ndani adzatchetche, ndipo zikwakwa zizisungidwa kwa yani? Matimu a m'midzi adzafuna bwaloli Loweruka ndi Lamulungu, a mipingo adzalifuna, a ndale adzabwera ndi malole awo. Musawakanize onse, poti makolo awo ndi amene apereka malo ndi thukuta, koma gwirizanani poyera: galimoto isalowe pa udzu, nthawi ya mvula yambiri bwalo lipume, wobwereka asiye kangachepe, ndipo kangachepeko kalembedwe m'buku limene ahedi, komiti ndi mmodzi wa ophunzira angalione nthawi iliyonse. Afumu alengeze pa bwalo la milandu kuti osaka mbewa asakumbe kapena kutentha pamalopo m'chilimwe. Kalasi iliyonse ipatsidwe chigawo chake chozulira ndi kukwirira maenje, osati monga chibalo cha ochedwa, koma monga ntchito ya aliyense amene amasewerapo, aphunzitsi omwe.

Mvula ikubwerayi musagule njerwa ngakhale imodzi. Gulani tepi, chingwe ndi kope. Jambulani malo onse pa pepala, musonyeze kumpoto, pamene madzi akuima, pamene pali zulu ndi zitsa, ndi pamene padzakhale bwalo lililonse. Mukamaliza mubwere nalo pepalalo kwa ine pamodzi ndi ahedi, tidzaliyendere limodzi pamalopo.