Dzala la m'Tauni ndi la Yani?

Pamudzi wa Acewa funso lotere silifunsidwa. Nyumba iri yonse iri ndi dzala lake kuseri, ndipo mai akasesa pabwalo m'mamawa amadziwa kokataya zinyalala. Phulusa, makoko a nyemba ndi zitsononkho zimaolera pomwepo, ndipo mvula ikagwa pamamera maungu onenepa koposa a m'munda.

Koma pa Katete, pamene nyumba ndi masitolo zandanda m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, zinthu ziri mwina. Munthu yemweyo amene sangalole khoko la nthoci pakhomo pake amaponya botolo m'ngalande osaceuka konse, nati, "Imeneyo ndi nchito ya a khansolo." Tsono pulasitiki saola. Amatseka ngalande, madzi naima, udzudzu nupeza poswanirana.

Kodi munthuyo ndi woipa? Kumdzudzula nkwapafupi, koma mau akewo sali onama onse. Lamulo la zinyalala la m'caka ca 2018 linaikadi nchitoyi m'manja mwa makhansolo, ndipo mai wogulitsa tomato amene amapereka msonkho wa pamsika ali nao ufulu wofunsa kumene kuli mgolo wotayamo. Kumlalikira za ukhondo asanamsonyeze dzala ndiko kumcita cipongwe. Colakwa cake ndi cimodzi: amayesa kuti malo a anthu onse alibe mwini, ciri conse cingagwepo.

Mlandu waukulu uli pa iwo ogawa malo. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha m'caka ca 2012, Sinda pocokera ku Katete ndi Petauke, Vubwi pocokera ku Chadiza. Matauni awa akali ang'ono, ndipo dziko lambiri lowazinga liri m'manja mwa mafumu. Cotero khansolo siingapatule dzala popanda kukagwada kwa mfumu. Pogawa mapuloti amafika ofuna sitolo ndi ofuna nyumba, koma palibe wobwera kudzapempha malo a dzala, pakuti amene adzamwa madzi a zitsime za kumeneko zaka 30 zirinkudza sanabadwe. Mfumu ndi akhansolo ndiwo ayenera kuwalankhulira, napatule malowo kutali ndi madambo ndi zitsime, pamodzi ndi njira yoti ngolo ifikeko ngakhale m'dzinja, nyumba zisanadzazepo.