Chijasi cha Mayi ake a Robin

Pa tchuthi chapitachi kwathu kunali mlendo, mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale. Anabwera ndi kafulashi kodzaza mafilimu, ndipo madzulo aliwonse magetsi akakhalapo ankaonera sewero lakale la ku America lotchedwa Buffy the Vampire Slayer. Poyamba ndinkakhala pambali pake kuti ndione ngati n'zoyenera mwana. Pomaliza ndine ndinkafunsa kuti lero tiyamba nthawi yanji. Tsiku limene tinamaliza, mwanayo anapukuta misozi nati, "Malume, Spike uja ndiye wapita kumwamba basi." Ndinavomera ndi mutu, koma usiku umenewo tulo tinandivuta, ndipo n'chifukwa chake ndalemba nkhaniyi.

Seweroli linkaonetsedwa pa wailesi yakanema kuyambira 1997 mpaka 2003. Likukamba za msungwana wina, Buffy, wosankhidwa kuti azilimbana ndi mavampaya m'tauni yopeka yotchedwa Sunnydale ku California. Vampaya ndi munthu wakufa amene akuyendabe: amamwa magazi a anthu, alibe mzimu, dzuwa limamuotcha, mtandanso umamuotcha. Zonsezi n'zongopeka, ndipo ndikutsindika dala, chifukwa tonse tikukumbukira kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'chigawo cha kummwera.

Spike, amene ankaseweredwa ndi James Marsters, analowa m'seweroli ngati mdani woopsa. Asanasanduke vampaya mu 1880 anali William, mnyamata wamanyazi wa ku London amene ankalemba ndakatulo zosekedwa ndi aliyense. Atasanduka, anapha anthu osawerengeka kwa zaka zoposa 100. Chimene ankanyadira kwambiri n'chakuti anapha akazi awiri osankhidwa ngati Buffy: wina ku China mu 1900, wina m'sitima yoyenda pansi pa nthaka ku New York mu 1977. Wachiwiriyu dzina lake anali Nikki Wood. Spike atamupha anamuvula chijasi chake chachitali, chakuda, chachikopa, n'kuyamba kuchivala ngati chizindikiro cha uchamuna wake. Muchikumbukire chijasi chimenechi.

Kusintha kwa Spike sikunayambe ndi mtima. Asilikali a boma anamugwira n'kumuika kachipangizo muubongo, kotero kuti akangofuna kuvulaza munthu mutu unkamuphulika ndi ululu. Anasiyadi kupha, koma ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti amulanda chakudya. Mpingo umatiphunzitsa kuti ngakhale chisoni chobwera chifukwa choopa chilango ndi mphatso ya Mulungu, chifukwa chingathe kukhala chiyambi cha ulendo. Koma apa panalibe chisoni n'pang'ono pomwe. Fisi wothyoka mano sanalape, wangosowa chotafunira. Ambirife timaudziwa ulemu wa mtundu umenewu: sitinabe chifukwa mlonda anali maso, sitinachite chigololo chifukwa mpata sunapezeke.

Kenako Spike anagwa m'chikondi ndi Buffy, mdani wake yemweyo. Apa zinthu zinayamba kusokoneza woonera, chifukwa anachitadi zabwino zooneka. Anazunzidwa koopsa koma sanaulule chinsinsi chimene chikanaphetsa Dawn, mng'ono wake wa Buffy, ndipo anapitiriza kumuyang'anira mwanayo pa nthawi imene panalibe chilichonse chimene akanapindula. Komabe chikondi chakecho chinali chofuna kukhala nacho chinthu m'manja, osati chofunira mnzake zabwino. Buffy atathetsa chibwenzi, Spike anafuna kumugwirira. Sindichepetsa mawu amenewa, ndipo ndinaimitsa filimu kuti tikambirane ndi mwana uja. Ataona chimene wachita, Spike anathawa, n'kupita ku phanga lina ku Africa (seweroli silinena dziko, ngati kuti Africa ndi mudzi umodzi), kumene anapirira mayesero owawa mpaka mzimu wake unabwezeredwa.

Gawo limeneli ndi limene ndimalilemekeza. Mzimu sunamubweretsere mtendere. Unamubweretsera chikumbumtima, ndipo nkhope za onse amene anawapha zinayamba kumuzungulira mpaka anazungulira mutu, akumagona m'chipinda cha pansi pa sukulu, akulankhula yekha. Pali malo ena pamene Buffy akumupeza m'tchalitchi usiku, iye n'kukumbatira mtanda waukulu, thupi lake likufuka utsi, akupempha mpumulo. Munthu amene anagwadapo m'kanyumba kolapira, lilime litauma, amadziwa kuti olemba seweroli anakhudza chinthu choona: kuwala kukalowa, choyamba kuoneka ndi litsiro.

Mapeto ake ndi aja analiza mwana wa mlongo wanga. Mu gawo lomaliza, mu May 2003, Spike akuvala mkanda wamphamvu umene ukutulutsa kuwala kwa dzuwa kudzera mwa iye, adani onse akupsa, khomo la kumoto likutsekeka, iye mwini akupsa n'kusanduka phulusa. Wafera anzake. Nyimbo zikulira, ife oonera tikukhululuka. (Miyezi ingapo pambuyo pake anamudzutsanso m'sewero lina lotchedwa Angel. Imfa ya pa kanema ndi yotchipa.)

Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti Nikki Wood uja anasiya mwana wamng'ono wamwamuna dzina lake Robin. Mwanayo anakula wamasiye, n'kudzakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya ku Sunnydale, ndipo tsiku lina anazindikira kuti munthu amene akumenya naye nkhondo mbali imodzi ndi amene anapha mayi ake. Anamukokera m'chipinda chimene makoma ake anawadzaza mitanda kuti amuphe. Analakwa, sindikumuikira kumbuyo. Kubwezera ndi tchimo, ndipo kugwiritsa ntchito mtanda ngati msampha n'koipitsitsa. Koma taonani chimene Spike, amene tsopano ali ndi mzimu, anachita. Anamugonjetsa, n'kumusiya wamoyo. Sanapepese. Anamuuza mawu olasa, akuti mayi akewo ankakonda ntchito yawo koposa mwana wawo. Ndipo chijasi chija sanabweze. Buffy naye anachenjeza Robin kuti akadzayesanso sadzamuteteza, popeza nkhondo imene ikubwera ikufuna Spike.

Ndiye funso langa ndi ili: pamene ife tinakhululuka pa mapeto paja, tinakhululuka m'dzina la yani? Amene anafa si mayi athu. Masewero a mtundu uwu ali ndi chinyengo chimodzi chofewa. Kamera imakhala zaka zambiri pa nkhope ya wolakwa. Timaona misozi yake, timadziwa mmene ankasekedwera ali mnyamata, timaseka nthabwala zake. Olakwiridwa amangodutsa kamodzi, ambiri opanda ndi dzina lomwe. Akatulukira mmodzi ngati Robin n'kunena kuti bala lake silinapole, ife timamuona ngati wosokoneza, munthu wosunga mangawa amene akuchedwetsa nkhani yokoma.

Uthenga Wabwino uli ndi nkhani zake za anthu oipa amene anasintha, koma suiwala olakwiridwa. Pa Luka 19, Zakeyo, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, atalandira Ambuye m'nyumba mwake sanangolira. Analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa amphawi ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamubera. Pa Mateyo 5, Ambuye akuti munthu akakumbukira ali pa guwa kuti mbale wake ali naye chifukwa, asiye kaye nsembe yake, akayanjane naye. Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa nambala 1459, akuphunzitsa kuti kumasulidwa kwa wansembe kumachotsadi tchimo, koma sikukonza zonse zimene tchimolo linaononga. Wolapa achite zimene angathe, monga kubweza chobedwa kapena kuyeretsa mbiri ya amene anamunamizira.

Wina anena kuti nanga chigawenga chija chinapachikidwa pambali pa Ambuye chinabweza chiyani? N'zoona, sichinabweze kanthu, ndipo chinalonjezedwa Paradizo tsiku lomwelo. Chifundo cha Mulungu sichigulidwa, ndipo ine sindine woti nditseke khomo limene Iye watsegula, ngakhale kwa vampaya wongopeka. Koma munthu ujayo manja ake anali okhomedwa. Chimene anatsala nacho chinali pakamwa pokha, ndipo anapagwiritsa ntchito kuvomera poyera kuti chilango chake n'choyenera. Spike manja ake anali omasuka. Nikki sakanamudzutsa, madzi akatayika saoleka. Koma chijasi chinali pamsana pake, ndipo mwana wa mwini wake anali patsogolo pake.

Winanso anena kuti malinga ndi seweroli, wakupha uja anali chiwanda chopanda mzimu, osati Spike watsopanoyu. Mawu amenewa ndimawaopa, chifukwa ndinawamvapo m'makhonde mwathu muno. "Amene uja sindinali ine, unali mowa." "Zimenezo zinali ndisanatembenuke." Ngati sunali iwe, n'chifukwa chiyani zimene anapindula munthu ujayo zidakali m'nyumba mwako?

Taganizani za munthu amene mchimwene wake atamwalira anatenga makina osokera, njinga ndi malata a mkazi wamasiye. Papita zaka khumi. Munthuyo anasiya mowa, safuna kuphonya Misa, ku mphakati ndiye woyamba kufika, pa chikondwerero cha zokolola amabweretsa matumba awiri. Sindikunena kuti akunama; kusintha kwake kungakhale kwenikweni. Koma makina aja akadali pabalaza pake, ataphimbidwa ndi nsalu yoluka bwino, ndipo mlamu wake amakhala mabenchi atatu kumbuyo kwake Lamulungu lililonse. Mayiyo akadandaula, ife timamuuza kuti akhululuke, munthu anasintha kale. Kukhululuka adzakhululukadi, Mulungu akamuthandiza, pakuti ndi lamulo la ife tonse. Koma ifeyo n'chifukwa chiyani timafulumira kukumbutsa wamasiye za udindo wake, wolandayo osamuuza kanthu?

Ndikuganiza kuti kufera dziko lonse pa mphindi imodzi, kuwala kukuzungulira, mwina n'kosavuta kusiyana ndi kugogoda pa khomo la munthu mmodzi amene ali ndi ufulu wokukana. Pa nsembe yaikulu munthu umakhalabe ngwazi. Pa khomo paja umangokhala wakuba amene wabwera ndi katundu wa eni, ndipo mwina sakupatsa ndi mpando womwe.

M'mawa mwake, tikumwa tiyi, ndinamufunsa mwana uja kuti akanakhala Robin akanafuna chiyani. Anaganiza kwa nthawi, akuzunguza supuni m'kapu. Kenako anati sakudziwa ngati akanachivala chijasicho, mwina akanangochipinda n'kuchiika m'sutikesi, koma akanafuna kuti Spike achivule yekha, osachita kuuzidwa.