Kukhulupirika kwa Mbuzi ya Pachingwe

Amalume anga, amene tsopano akupuma kuno ku Matawale, ankayendetsa lole kupita ku Durban. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, sitima za ku Beira ndi ku Nacala zitaima, malole ankanyamuka ku Mwanza pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza kudutsa Tete mpaka ku Nyamapanda. Amalume akachoka, pankatha milungu bwana wao osadziwa kumene ali. Akadafuna kugulitsa dizilo panjira akadagulitsa, koma sadatero.

Nkhondoyo idatha mu 1992. Lero mwana wao amayenda msewu womwewo popanda mfuti, koma m'lole yake muli kachipangizo kouza bwana pamene waima ndi liwiro limene akuthamanga. Nayenso saba dizilo.

Funso londisowetsa tulo ndi ili: kodi awiriwa ndi okhulupirika mofanana? Mbuzi ya pachingwe sitiiyamikira kuti sidadye chimanga cha eni. Komabe msuweni wangayu sindingamunyoze. Kapena mtima wa atate ake ali nawo, koma kachipangizoko kadamulanda mpata woti auonetse. Ndimaona kuti pamenepa woberedwa ndi iyeyo.