Kodi Ndi Chilungamo Kuphunzirira Uphunzitsi pa Ana Enieni?

M'magulu athu ophunzira ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri, tikafika pa Buku 3 la Ruhi, lokhudza makalasi a ana, pamabuka funso losafunika kulithamangira. Wachinyamata wangolemba kumene mayeso a Fomu 4. Phunziro waliwerenga, pemphero waloweza, nyimbo akuidziwa. Kodi timulole aime pamaso pa ana a zaka 5 kapena 6 asanakhwime? Makolo sanatipatse ana awo kuti akhale choyeserapo.

Nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Ambiri a ife tinayamba Sitandade 1 m'zaka zotsatira 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anangosulidwa kwa masabata ochepa. Ambiri anali odzipereka, koma ankasiyidwa okha ndi chikhamu cha ana pansi pa mtengo, opanda wowaonetsa njira. Munthu wosowa chochita amathamangira ndodo, ndipo ena a ife timakumbukirabe.

Komabe pali zinthu zimene buku silingaphunzitse. Phunziro limayala pemphero, nyimbo, mawu oloweza, nkhani, masewero ndi kupaka zithunzi, koma silinena chochita pamene mtsikana wa zaka 7 wabwera atabereka mng'ono wake, khandalo n'kuyamba kulira nkhani ili pakati. Silinena za anyamata awiri olimbirana krayoni imodzi yofiira, kapena za mwana uja amene amakhala kumapeto kwa mphasa osatsegula pakamwa mwezi wathunthu. Zimenezi munthu amaziphunzira ana ali pomwepo. N'chifukwa chake ngakhale ophunzira a ku Blantyre Teachers' Training College amakakhala nthawi yaitali m'masukulu enieni, akuyang'aniridwa ndi aphunzitsi akale, asanalandire satifiketi.

Choncho nkhani yagona pa amene waima pambali pa wophunzirayo. Loweruka loyamba iye amangoonerera. Lachiwiri amatsogolera nyimbo imodzi, kenako nkhani, kenako phunziro lonse. Ana akapita, awiriwo amatsala pakhonde n'kufunsana: ndani anamvetsera, ndani tinamutaya, ndipo tinamutayira pati? Makolo nawonso tiwauze poyera kuti uyu akuphunzira ntchito ndipo sali yekha. Kuwabisira kungakhale kuswa kukhulupirika kumene tikuphunzitsa ana awo.

Chovuta kwambiri chimagwera ife oyenda naye. Mnzathu akayamba kudodoma, mtima umafuna kulanda phunzirolo, makamaka amayi akamasuzumira kumpanda. Tikalanda, ana amaona, ndipo sabata yamawa samumveranso. Tiyenera kusiyanitsa zolakwa. Kusokoneza ndondomeko ya nkhani kapena kuyamba nyimbo pamwamba kwambiri kumangotaya mphindi zingapo, ndipo ana amaseka n'kuiwala. Apo tikhale chete. Koma kukalipira mwana amene walephera kuloweza, kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake, kapena kukondera wovala bwino, izi zimasiya chipsera. Apo timalowererapo nthawi yomweyo, mofatsa, ngakhale mnzathuyo akhumudwe pang'ono. Mwanayo sanasankhe kukhala m'kalasi la wophunzira.

Izi zili ndi mtengo wake, ndipo tisaubise. Kumene kuli mphunzitsi mmodzi wozolowera ndi achinyamata asanu ofunitsitsa, sitingatsegule makalasi asanu mwezi umodzi. Ana a m'dera lina adzadikira, mwina mpaka mvula itatha, ndipo ena mwa achinyamatawo adzakhala atapeza ganyu ku Limbe tisanawafikire. Pa msonkhano wa sabata ino gulu lililonse litchule dzina la amene adzakhale pambali pa wophunzira aliyense, komanso tsiku lokaonana ndi makolo.