Msampha wa vumbwe tiutchere pati?



Funsani mlenje wa ku Ntcheu kuno malo abwino otchera vumbwe kapena njuzi, yankho sachedwa nalo. Njuzi imakonda dambo la udzu wautali, komwe kuli mbewa ndi madzi. Vumbwe amayenda usiku, ndipo mapazi ake amaoneka m'matope. Mu October madzi akatsala pachithaphwi chimodzi, basi ntchito yaphweka, chilichonse chaludzu chifika pompo.

Komatu malo "abwino" amenewa ndi omwe akundivuta. Waya sasankha. Mwatchera vumbwe, mwakola galu wa eni, gwape, kapena njuzi yomwe nkhuku yanu sinailaweko. Ndiye poti n'kutali, m'mphepete mwa nkhalango ya Dzonzi-Mvai uko, mumakazonda patapita masiku atatu. Masiku atatu nyama ili pawaya, mwendo ukuchekeka, madzi ikuwaona koma osawafikira.

Tonse timaidziwa Hadith ya mu Bukhari ndi Muslim, ya mayi amene adalowa ku Moto chifukwa cha mphaka. Sitimva kuti adam'menya ayi. Adangom'tsekera, osam'patsa chakudya, osam'masula kuti akadzifunire yekha. Nanga msampha wosiyidwa kudambo ukusiyana pati ndi zimenezi?

Wina anena kuti, "Akhi, inu simunadzukepo n'kupeza nthenga zokhazokha m'khola." Zoona, nkhuku ndiye sopo, ndiye makope a mwana. Ma ulama amaloleza kupha chilombo chimene chikuwononga. Koma chilolezocho n'cha chilombo chowonongacho, osati mtundu wake wonse, ndipo Mtumiki (SAW) adalamula kuti ngakhale popha tichite mwaubwino, mosazunza. Sitinganamizirenso ndiwo, chifukwa nyama ya zilombo zogwira ndi mano ndi haraam. Chatsala n'chikopa, makamaka cha njuzi chamawanga chija, ndipo apa si nkhani yoteteza khola, ndi geni. Lamulo la nyama zakutchire, lomwe adalikhwimitsa mu 2017, nalonso limaletsa kusaka nyama zotetezedwa popanda chilolezo.

Kwa ine, malo oyenera ndi pakhola penipeni. Wobwera pamenepo usiku ndiye wakuba wanuyo, ndipo mukhoza kukaona mukangoswali Fajr. Msampha wake ukhale wabokosi wotsekeka, kuti akalowamo mphaka wa aneba mum'tulutse ali bwinobwino.

Koma musanatchere, tazungulirani kaye kholalo. Nthawi zambiri pamakhala kabowo kamene mwakhala mukuti mutseka mawa. Paja vumbwe yemweyo ndi amene amachepetsa makoswe kunkhokwe kwanu.