Mwano wa Foni Si Chilolezo Chomenyera Munthu

Foni yam'manja yabweretsa mikangano yachilendo m'dera la kunsi kwa mapiri a Dedza. M'minibasi zochokera ku Golomoti kudzera pa Mua ndi Mtakataka kulowera ku Salima, sipalephera kupezeka wina wotsegula nyimbo mokweza, kapena wokalipira mnzake pafoni anthu onse amene athithikana naye akumva. Pamaliro nkhani imakula: adzukulu akutsitsa bokosi m'manda, mafoni ali m'mwamba, ndipo dzuwa lisanalowe nkhope ya namfedwa yafika kale pa WhatsApp. Pabwalo la gule wamkulu ndiye poopsa, chifukwa woloza foni chilombo popanda chilolezo akhoza kulandidwa foniyo n'kulandira makofi. Mwano umenewu ndi weniweni ndipo umapweteka. Koma womenya mnzake chifukwa cha mwanowo asadzinamize kuti ankadziteteza.

Ndime 17 ya malamulo a milandu, Penal Code, imalola munthu kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza thupi kapena katundu. Mlandu ukafika kukhoti, woweruza amafuna kudziwa zinthu ziwiri: kodi panalidi choopsa nthawi yomweyo, nanga mphamvu imene munthuyo anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi choopsacho? Wina akakusololera mpeni kapena akakutsomphola foni pamsika, kumukankha kapena kumugwira kuli ndi malo m'malamulo. Koma nyimbo yosokosa siivulaza thupi, ndipo kamera siitulutsa magazi. Amene watukula dzanja poyamba ndiye wayambitsa ndewu, ndipo wojambula uja akabwezera moyenera, iyeyo ndiye angatchule ndime 17. Kumenya munthu n'kumuvulaza kuli ndi chilango chofika zaka 5 m'ndende pansi pa ndime 254, ndipo kuvulaza kwambiri kumafika zaka 14 pansi pa ndime 238.

Ena anganene kuti lamulo lotere likunyoza ulemu wa munthu, popeza kujambula mayi akulira mwana wake kumapweteka koposa khofi. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo malamulo athu sanatseke maso pa kupsa mtima. Ndime 213 ndi 214 zimanena za kuputidwa. Komabe, ntchito ya ndimezi ndi yochepa: zimangotsitsa mlandu wakupha mwadala kuti ukhale wakupha mosakonzekera. Woputidwayo sapita kwawo, amapitabe kundende. Kusiyanitsa kumeneku n'koyenera, chifukwa choopsa anthu ena akhoza kuchiona ndi kuchichitira umboni, pamene kukula kwa mkwiyo amakudziwa ndi mwini wake yekha. Tikalola aliyense kudziyezera chilango molingana ndi mmene mtima wake wapsera, ndiye kuti amphamvu ndi amene azidzalamula m'minibasi ndi kumanda, ndipo oyamba kupwetekeka adzakhala achinyamata, amayi ndi alendo osadziwa mwambo.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri. Mlandu suwola, koma vidiyo siidikira bwalo. Pamene nyakwawa iziitanitsa anthu, chithunzi chili chitazungulira dziko. Apa mpomwe ambiri amaona ngati kulanda foni n'kuiswa ndiyo njira yokhayo. Koma njirayi siibweza chimene chatumizidwa kale, ndipo pagulu sipakhala foni imodzi. Chibakera chikangouluka, mafoni ena asanu amadzuka, ndipo chimene chimafala si mwano wa wojambula koma ndewu ya pamaliro. Banja limene limafuna kusunga ulemu limapezeka lanyozeka kawiri, wina mwa iwo ali m'chitokosi cha apolisi. Komanso wolakwiridwa sali manja lende. Ndime 21 ya malamulo aakulu a dziko lino imateteza zinsinsi za munthu, ndipo kuyambira 2016 pali lamulo lolanga ozunza anzawo kudzera pa intaneti. Kuuza wojambula pamaso pa mboni kuti afufute, n'kukamusumira kwa mfumu kapena kupolisi akakana, kumasiya mlandu pamutu pa wolakwa weniweni.

Mankhwala enieni ndi kukhazikitsa mwambo wa foni mkangano usanabuke, ndipo dera lino lili ndi poyambira. Inkosi Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse lapansi pogwirizana ndi mafumu ake kuthetsa maukwati a ana, umboni wakuti lamulo la m'mudzi likalengezedwa poyera limagwira ntchito. Ku Mua, malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akhala akuonetsa alendo za gule wamkulu mwadongosolo, kutanthauza kuti vuto si kuona koma kuona mosapempha. Choncho woyendetsa mwambo wa maliro, polengeza zipepeso, anenenso ngati banja lalola kujambula. Akuluakulu a kudambwe anene gule asanatuluke pamene foni ikuloledwa ndi chindapusa cha wophwanya. Kondakitala amene amatha kukumbutsa munthu za ndalama athenso kumuuza kuti achepetse voliyumu. Malire akadziwika kwa onse, wowadumpha amalipira nkhuku kapena mbuzi pabwalo, ndipo palibe amene angafunike kukafotokozera woweruza chifukwa chimene anathyolera mnzake dzino.